Kusamalira Makina a Espresso Kuno ku Lusaka

Chimene chimawononga msanga makina a espresso (khofi wamphamvu wophikidwa pokankha madzi otentha mu khofi wopera) mumzinda uno ndi madzi. Lusaka inamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo amasiya zoyera zolimba ngati zimene mumaziona pansi pa ketulo. Zoyerazo zikaunjikana m'boila (motenthetsera madzi) ndi m'timapaipi, madzi amadutsa movutikira ndipo satentha mokwanira. Choncho muzithira madzi odutsa mu sefa yochotsa laimu, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu muzisungunula citric acid (ufa wowawasa wosungunula laimu) m'thanki ya madzi, kuyendetsa madziwo m'makina, kenako n'kutsukuluza kawiri ndi madzi oyera.

Pophika, dikirani mphindi 15 kuti makina atenthe. Ikani magalamu 18 a khofi wopera mu portafilter (kasefa ka chogwirira koikamo khofi), mumusalaze ndi kumutsindira mofanana mbali zonse. Pazituluka magalamu pafupifupi 36 a khofi wakumwa m'masekondi 25 mpaka 30. Akatuluka mothamanga n'kumawawasa, mupereni mosalala kwambiri. Akamangodontha n'kumawawa, mwamupera mopitirira. Khofi wa ku Kasama wokazingidwa posachedwa, kwa ine, amaposa wakunja amene wagonera m'sitolo.

Mukafunditsa mkaka, pukutani kapaipi ka nthunzi nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa, n'kutulutsa nthunzi pang'ono, chifukwa mkaka ukaumira m'kati umatseka timabowo ndipo umanunkha. Tayani zotsalira za khofi mukangomaliza.

Magetsi akazima, zimitsani makinawo pakhoma, popeza akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoti n'kuotcha mawaya a m'kati.