Musanathire konkire yodinda pakhomo panu

Inu amene mukumanga ku Area 49 kapena Area 25 ndipo mwakopeka ndi konkire yodinda ija, yooneka ngati miyala yoyalidwa pakhonde ndi polowera galimoto, sankhani bwino nthawi yothira. Ntchitoyi imatheka konkire ikadali yofewa: amisiri amawaza ufa wa utoto pamwamba, kenako n'kupondereza zidindo za mphira. Mu Okutobala dzuwa likafika pamutu, pamwamba pamauma iwo asanamalize, ndiye mbali ina zidindo zimaoneka bwino, ina zosalowa. Auzeni alawirire m'mamawa, azithira kagawo kagawo, osati bwalo lonse kamodzi. Kukachita mitambo ya mvula, dikirani, chifukwa madontho amasiya timaenje ponseponse.

Dothi lathu lofiirali alitsendere kaye, ayale miyala ya kwale. Poyenda anthu masentimita 10 akwana. Podutsa galimoto onjezerani, aikemo ndi waya. Madzi azitsetsereka kutali ndi maziko a nyumba.

Chimene ambiri amaiwala ndi mizere yodula. Popanda iyo, konkire imang'aluka paliponse pamene yafuna. Komanso sealer, mankhwala oteteza pamwamba pa konkire amene amapaka pomaliza, amaterera akanyowa, choncho asakanizemo timchenga toletsa kuterera, makamaka ngati pakhomopo pali agogo kapena ana othamangathamanga.