Penti sachotsa chinyezi m'chipinda chapansi

Chiyambireni mvula ya chaka chino ndalowa m'zipinda zingapo zomangidwa kunsi kwa nyumba, mkati mwa nthaka, momwe anthu akuchitamo lendi, ndipo cholakwika chimene ndikuchipeza n'chimodzi. Wochita lendi akadandaula za chinyezi, mwininyumba amatumiza munthu ndi chitini cha penti. Khomalo limawala kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako penti amachita matuza n'kuyamba kusupuka, chuku chakuda n'kubwereranso pakona pomwepo, ndipo m'munsi mwa khoma mumatuluka ufa woyera ngati mchere. Ufa umenewo ndi umboni wakuti madzi akudutsa mkati mwa khoma kuchokera m'nthaka, ndipo akauma amasiya mcherewo pamwamba.

Chizolowezi chimenechi chimanditopetsa kwambiri, chifukwa penti amabisa vuto kwa munthu amene akugona m'chipindamo pamene madzi akupitiriza kufewetsa pulasitala, kuoletsa matabwa ndi kuyandikira mawaya a magetsi. Chuku sichidikira: chinthu chikakhala chonyowa kwa maola 24 mpaka 48, chimayamba kumera. M'chaka cha 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo osonyeza kuti anthu okhala m'nyumba zachinyezi ndi chuku amadwala kwambiri chifuwa, kubanika ndi mphumu. Ku Rochdale, m'dziko la England, mwana wa zaka ziwiri anamwalira mu 2020, ndipo kafukufuku wa imfa yake anapeza kuti chinamupha n'chuku cha m'nyumba yalendi imene makolo ake anali atadandaula kangapo.

Mlimi wina wochita lendi anandionetsa matumba a mbewu amene anasunga m'chipinda chotere. Analowa m'nyumbamo khoma likununkha penti watsopano, ndipo palibe anamuuza kuti chaka chilichonse madzi amalowamo. Nditapisa dzanja m'thumba lapansi, mbewu zinali zitagwirana chibumi, zofunda, zobiriwira ndi chuku. Atapita kukadandaula anauzidwa kuti vuto ndi lake chifukwa satsegula zenera. Kazenerako ndinakaona, n'kakang'ono, ndipo kali m'mwamba pafupi ndi siling'i. Bamboyo anataya mbewu za nyengo yonse, koma lendi analipira yathunthu.

N'zoona kuti nthawi zina chinyezi chimachokera kwa wokhalamo, monga poyanika zovala m'nyumba. Koma mwininyumba sayenera kuweruza asanayeze, pakuti kuyezako n'kosavuta. Matani pepala la pulasitiki pakhoma, mutseke mbali zonse zinayi ndi tepi, ndipo mulisiye masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pepalalo, chinyezi chili mumpweya wa m'chipindamo. Akakhala kuseri kwake, madzi akuchokera m'khoma, ndipo khoma, maziko, denga ndi mipaipi ndi udindo wa mwininyumba. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'mayiko ambiri amene akulandira lendi amayenera kupereka nyumba yoyenera kukhalamo munthu.

Nthawi zambiri gwero limakhala panja. Denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 25 limatsitsa malita 2,500 a madzi, ndipo ngati mipaipi yotsitsa madziwo yatsekeka kapena ikuthira m'tsinde mwa khoma, onsewo amafunafuna njira yolowera pansi.

Choncho eninyumba, yeretsani ngalande ndi mipaipi, kwezani dothi kuti litsetsereke kuchoka kukhoma ndi masentimita 15 pa mamita atatu oyambirira, ndipo matani ming'alu. Chinyezi cha mumpweya chikhale pansi pa 60 peresenti. Madzi akafika pa soketi, zimitsani magetsi msanga. Yankhani dandaulo polemba, mutchule tsiku lokonza, ndipo ngati chipinda sichikugoneka, kambiranani zochotsera lendi kapena malo ena ogona. Penti abwere khoma litauma.