Momwe mungasankhire ndi kugwiritsa ntchito makina oyezera BP kunyumba

Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ambirife timadikira litsipa kapena chizungulire kuti tinene kuti BP yakwera, chonsecho BP imatha kukhala yokwera kwa zaka munthu akudya bwino, akulima, akupita kuntchito, uku impso, mtima ndi mitsempha ya mu ubongo zikuwonongeka. Makina apakhomo amathandiza, koma pokhapokha mutagula oyenera ndi kuyeza moyenera. Kupanda apo, manambala ake amangokupatsani nkhawa, kapena kukunamizani kuti muli bwino.

Choyamba: yezani mkono musanapite kukagula

Sitepe iyi ambiri amaidumpha, koma ndi imene imasokoneza kwambiri zotsatira. Tengani tepi ya telala, muyeze kuzungulira mkono wanu pakati pa phewa ndi chigongono. Lembani masentimitawo. Lamba amene amabwera ndi makina ambiri amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Lamba wamkulu amayambira pa 32 kufika 42, ndipo pali ena okwana kuyambira 22 mpaka 42. Kukula kwake kumalembedwa pabokosi ndi pa lamba pomwepo.

Lamba wothina pa mkono waukulu amaonetsa BP yokwera kuposa momwe ilili. Lamba wokhwepa pa mkono wowonda amaonetsa yotsika. Ngati makina amodzi azigwiritsidwa ntchito ndi bambo, mayi ndi agogo omwe, yezani mikono ya onse musanatulutse ndalama.

Chachiwiri: sankhani omanga pamwamba pa chigongono

Makina ovala ngati wotchi amakopa chifukwa ndi aang'ono, koma dzanja likangotsika kapena kukwera pang'ono, nambala imasintha. Oika pachala musawaganizire n'komwe. Gulani odzipopa okha, omanga pamwamba pa chigongono. Aja opopa ndi dzanja n'kumamvetsera m'makutu asiyireni anamwino, amafuna maphunziro.

Omron ndi Microlife ndi ena mwa mayina odziwika, koma dzina lokha silikwanira. Lembani nambala ya mtundu wa makinawo, muifufuze pa intaneti pa tsamba la STRIDE BP, pomwe pali mndandanda wa makina omwe adayesedwa n'kupezeka kuti amalondola. Ine ndinganene kuti bola kugula kufamase yokhala ndi chiphaso, komwe angakupatseni lisiti, kusiyana ndi kugula otchipa pamsika opanda bokosi ndi kabuku ka malangizo. Onaninso kuti akuyendera mabatire opezeka mosavuta monga a AA, kuti magetsi akazima musasiye kuyeza. Zolumikiza ku foni si zofunika kwenikweni. Kope ndi cholembera zimagwira ntchito yomweyo. Amayi oyembekezera afunse kusikelo asanagule, poti si makina onse amene adayesedwa pa amayi apakati.

Mukagula, pitani nawo kuchipatala tsiku lanu lokaonana ndi adokotala. Apempheni akuyezeni ndi makina awo, kenako ndi anuwo, muone ngati sizikusiyana kwambiri. Muzichita zimenezi kamodzi pachaka.

Chachitatu: konzekerani

Kwa mphindi 30 musanayeze musamwe tiyi kapena khofi, musasute fodya, musagwire ntchito yolemetsa. Munthu wongochokera kumene kumunda kapena kumjigo ayambe wapuma. Pitani kaye mukataye madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzadza chimakweza nambala.

Khalani pampando wokhala ndi potsamira, osati pamphasa kapena pamphepete mwa bedi. Msana utsamire, mapazi onse aponde pansi, miyendo isapingasane. Khalani choncho mphindi 5, foni ili patali. Mphindi zisanuzi zimatalika kwa munthu wachangu, koma musazidule.

Chachinayi: mangani lamba ndi kuyeza

Mangani lamba pakhungu, osati pamwamba pa juzi kapena malaya. Ngati kupinda malaya kukufinya mkono, vulani mbali imeneyo. M'mphepete mwa lamba mukhale masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa popindikira chigongono, kapaipi kakuloza kumunsi, chakumkati kwa mkono. Amangike moti zala ziwiri zilowe pansi pake mothinana. Mkono ugone patebulo, lamba akhale molingana ndi mtima. Mkono wolendewera pambali umakweza nambala. Tebulo likakhala lalifupi, ikani pilo pansi pa mkono.

Dinani batani, ndipo mukhale chete mpaka lamba ataphwa. Musayankhe moni, musaseke, musakunge chibakera. Dikirani mphindi imodzi, muyezenso. Lembani zonse ziwiri, ngakhale imene simukuikonda.

Tsiku loyamba yezani mikono yonse iwiri. Umene ukuonetsa nambala yokwererapo ndi umene muziyezera masiku onse.

Chachisanu: lembani kwa sabata yathunthu

Makina amaonetsa manambala atatu. Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi m'mitsempha pamene mtima ukupopa, yachiwiri ndi pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda, ndipo yachitatu ndi kuchuluka kwa kugunda kwa mtima pamphindi. Kuchipatala BP imatchedwa yokwera ikafika 140/90 kapena kupitirira, koma kunyumba malire ndi 135/85, poti munthu pakhomo pake amakhala womasuka. Alipo ena amene BP yawo imangokwera akaona yunifomu ya namwino, aliponso amene kuchipatala imaoneka bwino koma kunyumba ndi yokwera. Onsewa amadziwika ndi kope la kunyumba.

Yezani m'mawa musanamwe mankhwala ndi musanadye, komanso madzulo, kwa masiku 7. Lembani tsiku, nthawi ndi manambala. Zotsatira za tsiku loyamba zichotseni powerengera, chifukwa kawirikawiri zimakwera ndi mantha. Zotsalazo phatikizani zapamwamba zokhazokha n'kugawa ndi kuchuluka kwake, muteronso ndi zachiwiri zija. Nambala imene mwapeza mutagawayi ndiyo imauza adokotala zoona, osati imodzi imene mudaipeza mutangokangana ndi mwana wasukulu pa nkhani ya fizi. BP ikakhazikika, simufunika kuyeza tsiku lililonse; adokotala adzakuuzani kuti muziyeza kangati. Kuyeza kakhumi patsiku kumangobala nkhawa, ndipo nkhawayo imakwezanso BP.

Kopelo liziyenda limodzi ndi buku lanu lakuchipatala. Ndipo apa ndikupempheni ndithu: musasiye kapena kuchepetsa mankhwala chifukwa makina aonetsa 120/80. Ngati mukumwa amlodipine, HCTZ kapena enalapril, nambala yabwinoyo ikutanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito, osati mwachira. Musawonjezerenso mapiritsi panokha kapena kubwereka a neba tsiku limene yakwera.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Mukapeza 180/120 kapena kuposa, khalani phee mphindi 5 muyezenso. Ikakhalabe pomwepo, kaonaneni ndi achipatala tsiku lomwelo. Koma ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, mutu wowawa modabwitsa, pakamwa kupotoka, lilime kulemera, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi kufooka, musatayenso nthawi ndi makina. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera asadikire 180: akapeza 140/90, makamaka ngati mutu ukuwawa kapena nkhope ndi manja zatupa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Makina akamaonetsa kawirikawiri chizindikiro chakuti mtima sukugunda mwadongosolo, auzeninso adokotala, chifukwa pa mtima wotero makina odzipopa okha amatha kuphonya ndipo angafune kukuyezani mwa njira ina.