Momwe mungaphunzirire kugwira ndi kuwombera mfuti yotetezera pakhomo

Eni magolosale, alimi a khofi ndi ena amene amagona ndi ndalama m'nyumba muno mu Mzuzu akayamba kukamba za mfuti, funso lawo limakhala limodzi: ndigule yamtundu wanji? Ine ndimawabwezera langa: tochi muli nayo? Amaseka, koma sindikhala ndikucheza. Munthu wolozetsa mpope pa chinthu chimene sakuchiona bwino ndi woopsa kwa ana ake omwe, kaya mfutiyo anagula ndalama zingati.

1. Yambani ndi mapepala

Lamulo la mfuti la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo chiphasocho amachikonzanso chaka ndi chaka. Pitani kupolisi ya Mzuzu akakuuzeni ndondomeko yake. Adzafufuza mbiri yanu ndi chifukwa chimene mukuifunira. Ya gogodela yosula kumudzi, kapena yogula kwa munthu amene wadutsa nayo m'malire mozemba, isiyeni. Ndi ndende imeneyo.

2. Gulani izi mfuti isanafike pakhomo

Choyamba ndi sefa yachitsulo yomangirira kukhoma, kiyi wake osati wopachika pamsomali. Mwana wa zaka 6 amadziwa pobisalira chilichonse m'nyumba mwanu, kuposa inu.

Ngati ndi pisitolo, pezani holster (chikwama chosomekamo pisitolo m'chiuno) yolimba yophimba chokhethemulira chonse, ndi lamba wochindikala woti asamapindike. Zosomeka pisitolo m'thalauza chabe zasiyirani a m'mafilimu. Ngati ndi mfuti yaitali, ikhale ndi lamba wokolekera paphewa kuti manja azimasuka potsekula chitseko.

Zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso musazione ngati zamanyado. Kulira kwa mfuti kumaposa madesibelo 140 (muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo khutu likawonongeka ndi phokoso lotere silibwerera mwakale.

Kenako mafuta a mfuti, kansalu ndi kamtengo kotsukira mpope. Apa a Mzuzu tili ndi vuto lathulathu. Nkhungu ya m'mawa ndi mvula yowaza imene imatipeza ngakhale mu June zimalowetsa chinyezi mpaka mu sefa, ndipo dzimbiri silichedwa. Muziipukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono mwezi uliwonse, ngakhale simunaigwiritse ntchito. Timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato, musamataye, muziponya mu sefamo.

3. Lowezani malamulo anayi

Anawatchukitsa ndi Jeff Cooper wa ku America, amene anatsekula sukulu yowombera ya Gunsite ku Arizona mu 1976. Mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo. Musalozetse mpope pa chinthu chimene simukufuna kuchiwononga. Chala chikhale kunja kwa chokhethemulira mpaka mutatsimikiza kuti mukuwombera. Dziwani chimene mukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake.

Lachinayili ndi limene limandisowetsa tulo ndikaganiza za Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa, kumene nyumba zinathithikana moti woyandikana naye akatsokomola mumamva. Njerwa zootcha zitha kugwira chipolopolo cha pisitolo, koma windo, chitseko chamatabwa ndi mpanda wamalata sizigwira. Ngakhale kachipolopolo kakang'ono kotchedwa .22, kamene anthu amakaderera, kamatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka.

4. Kaimidwe, kagwiridwe ndi diso

Tangadzani miyendo molingana ndi mapewa, mawondo opinda pang'ono, chifuwa choweramira kutsogolo ngati mukukankha wilibala yodzaza mchenga. Ambiri ongoyamba amapendekera kumbuyo poopa kulira kwa mfuti, ndiye ikamakankha imawagwedeza thupi lonse.

Pisitolo igwireni m'mwamba momwe mungathere, mphanda ya chala chachikulu ndi chamkombaphala ikhale yothina kumsana kwake. Dzanja linalo likute zala za loyambalo, ndipo ndi limeneli lofunika kufinya kwambiri. Yaitali ikhazikeni molimba m'kati mwa phewa, tsaya ligone pamalo amodzimodzi nthawi zonse.

Dziwaninso diso lanu lolamulira. Tambasulani mikono, pangani kabowo ndi manja onse awiri, yang'anani babu kapena wotchi yapakhoma kudzera m'kabowomo maso onse ali otsekula. Tsinzinani limodzi, kenako linalo. Diso limene likupenyabe chinthucho m'kabowomo ndiye lolamulira. Pali anthu ambiri amanja amene diso lawo ndi lamanzere, ndipo amataya zipolopolo osadziwa chikuwaphonyetsa n'chiyani.

Poloza, kachitsulo kakunsonga kwa mpope kakhale pakati penipeni pa kampata kakumbuyo, mitu yake yofanana. Diso lizikhazikika pa kachitsulo kakutsogoloko. Chandamale chizioneka mwa chimbuuzi pang'ono. Zimamveka zosemphana ndi nzeru, koma ndi momwemo.

5. Chala

Apa ndiye pagona nkhani. Chokhethemulira sitikoka mwadzidzidzi, timachikanikiza pang'onopang'ono molunjika kumbuyo ndi nsonga ya chala, zala zinazo osasuntha. Mfuti ikalira musathamangire kudzutsa mutu kuti muone pamene mwalasa. Khalanibe pa kachitsulo kaja.

Ine nditangoyamba, zipolopolo zanga zonse zinkagwera m'munsi chakumanzere kwa chandamale. Ndinkalimbikira kuti mfutiyo ndi yokhota. Mphunzitsi wanga, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anatenga magazini, kabokosi kosungira zipolopolo mu mfuti, n'kusakanizamo chipolopolo chabodza osandiuza. Nditafika pamenepo mfuti sinalire, koma mpope unagwa pansi ngati nkhuku yojompha chimanga. "Mwaona, achimwene? Yokhota si mfuti," anatero. Ndinkaikankhira pansi ndekha poyembekezera kukankha kwake. Wamanja aliyense wolasa m'munsi chakumanzere ayambe wadzikayikira pamenepa asanakhudze zolozera, kachitsulo ndi kampata kaja.

6. Yesererani popanda zipolopolo

Zipolopolo n'zodula, ndiye luso lambiri mulipeza kunyumba. Chotsani magazini, tsekulani mfuti, yang'anani m'kati ndi maso, pisanimo chala, bwerezaninso. Zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china. Lozani kukhoma lanjerwa lopanda windo. Ikani khobidi la K10 pamwamba pa pisitolo cha kunsonga, kenako kanikizani chokhethemulira. Khobidi likagwa, chala chanu chikugwedeza mfuti. Mphindi 10 katatu pa sabata n'zokwanira. Ngati yanu ndi ya .22, gwiritsani ntchito chipolopolo chabodza, chifukwa zambiri zamtunduwu zimawonongeka zikamakhethemulidwa zopanda kanthu.

7. Kowombera zenizeni

Funsani apolisi malo ololedwa. Nkhalango ya Kaning'ina si malo oyeserera: mumayenda amayi otola nkhuni ndi ana ofuna bowa. Yambani pa mamita 5 ndi pepala wamba. Zipolopolo zisanu zikamagwera pamalo oti n'kuphimba ndi chikhatho, sunthirani pa 7, kenako 10. Yaitali yambani nayo pa mamita 25 mutaitsamiritsa pa thumba la mchenga, ndipo zolozera muzisintha pokhapokha zipolopolo zitayamba kugwera pamodzi. Liwiro lisiyeni, libwera lokha.

8. Usiku, magetsi atazima

Mukamva kugogoda, sonkhanitsani banja m'chipinda chimodzi, khomani, imbirani apolisi ndi anansi, lizani wezulo ngati kwanuko kuli achitetezo a m'mudzi. Musatuluke kukasaka munthu mumdima. Ngati wina wafika pakhomo la chipindacho, muunikeni ndi tochi yogwira padera, osati kumulozetsa mpope kuti mumuone, ndipo funsani mokweza kuti ndani. Nthawi zina amakhala mlonda wanu, kapena mphwanu wochokera kokamwa.

Kuwombera m'mwamba kuti muopseze musayese, chipolopolo chimatsikanso padenga la wina. Wakuba amene akuthawa ndi wailesi yanu musamuwombere kumsana. Khoti limayang'ana ngati mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yoyenerana ndi chiopsezo chimene munali nacho, ndipo munthu wothawa sakuopsezanso moyo wanu. Ngati zafika poti mwawombera, ikani mfuti pansi apolisi asanalowe, musasunthe chilichonse pamalopo, ndipo wovulalayo, kaya ndi ndani, muitanireni galimoto yomutengera kuchipatala.