Momwe mungatetezere ndalama zanu wogulitsa akalephera kubweretsa katundu

Ndagwira ntchito yogulira kampani katundu kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti wogulitsa wokoma pakamwa pofuna oda ndi yemweyo amene foni yake imazima tsiku lobweretsa katundu likakwana.

Yambani ndi mgwirizano wolembedwa: mtundu wa katundu, kuchuluka kwake, tsiku lofika, ndi chilango akachedwa. Ambiri amadula 0.5 peresenti ya mtengo pa sabata iliyonse, osapitirira 10 peresenti. Kotesheni yotsika kwambiri kuposa ena onse muziiopa. Kawirikawiri mwini wakeyo katundu alibe, akudikira ndalama zanu kuti akagulire.

Akapempha ndalama zoyambira, musatulutse popanda kalata ya chikole yochokera ku banki yake, ija amati advance payment guarantee, yolonjeza kukubwezerani ndalamazo akalephera kubweretsa katundu. Pa oda yaikulu pemphaninso performance bond, chikole china cholonjeza kukulipirani wogulitsa akapanda kukwaniritsa mgwirizano, imene nthawi zambiri imakhala 5 mpaka 10 peresenti ya mtengo wonse. Funsani kubankiko nokha ngati kalatayo ndi yawodi, chifukwa zabodza zilipo. Onaninso kuti muli mawu akuti on first demand, kutanthauza kuti banki ikulipirani mukangolemba kalata yofuna ndalama, osadikira kuti mlandu uyambe waweruzidwa.

Pa chikole pomwepa ndi pamene ine ndinapsa. Wogulitsa wina anandipempha masabata atatu owonjezera, ati katundu wakakamira padoko. Ndinavomera pafoni. Atatha masabatawo anapemphanso, ine n'kuvomeranso, poganiza kuti kalata ya banki ili m'faelo, palibe chodetsa nkhawa. Chimene sindinayang'ane ndi tsiku lothera mphamvu la kalatayo. Tsiku lobweretsa katundu linkasuntha, koma la chikole lili pomwepo. Banki sidziwa zimene munagwirizana pafoni, imangowerenga pepala, ndipo mukachedwa ngakhale ndi tsiku limodzi sikupatsani kanthu. Pamene ndinkalemba kalata yofuna ndalama zathu, chikolecho chinali chitatha masiku anayi m'mbuyomo. Tinamulondola munthuyo miyezi yambiri, akubweza pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tsono chitani izi. Chikole chipitirire tsiku lobweretsa katundu ndi masiku osachepera 28. Wogulitsa akapempha nthawi yowonjezera, ayambe wabweretsa kalata ya banki yotalikitsa chikole, kenako inu muvomere, molemba. Akamazengereza, itanitsani ndalamazo kubanki tsiku lisanakwane. Tsikulo lilembeni pakalendala ndi mufoni, wina wa muofesi alidziwenso.

Katundu akafika, werengani ndi kuyesa musanasaine delivery note, pepala lotsimikiza kuti mwalandira katunduyo. Chosweka kapena chopereŵera lembani papepala lomwelo, dalaivala akuona, ndipo jambulani. Tumizani kalata yochenjeza yopereka masiku oti akonze. Gawo la malipiro lisungeni mpaka waranti itatha, ngati munalemba zimenezo mumgwirizano. Akalepherabe, thetsani mgwirizanowo mwa kalata, gulani kwina, ndipo ndalama zimene mwawonjezera mumulipiritse iyeyo.