Kuphunzitsa Anthu a M'mizinda Kuyeza ndi Kusamala Madzi Awo

Mlangizi amene watumizidwa kudera la mumzinda kumene nyumba zikuchulukirachulukira ayambe ndi kufunsa anthu kumene madzi awo amachokera. Ambiri amatchula mpopi kapena chitsime, osadziwa kuti madziwo ndi mvula imene inalowa m'nthaka kapena inasungidwa m'damu kutali ndi kwawo. Mabwalo akaphimbidwa ndi simenti, madambo n'kukwiriridwa kuti pamangidwe nyumba, mvula imangothamangira m'ngalande pomwe mijigo ikupopabe. M'mizinda ya Jakarta ku Indonesia ndi Mexico City ku Mexico nthaka yakhala ikutsika chifukwa chopopa madzi apansi mopyola muyeso.

Kungouza anthu kuti asamawononge madzi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa aliyense amaganiza kuti wowononga ndi mnzake. Chimene chimasintha maganizo ndi kuwaphunzitsa kuyeza okha. Komiti ya madzi izitsitsa chingwe chomangidwa mfundo pa mita iliyonse m'chitsime kamodzi pamwezi n'kulemba m'kope pamene madzi alekezera, kuti chaka chikatha aliyense aone ngati akuchepa. Banja lokhala ndi mita ya madzi litseke mipopi yonse usiku, lilembe nambala, m'mawa liyang'anenso; ikasintha, ndiye kuti paipi ikudontha penapake. Mu 2018, madamu a ku Cape Town atatsala pang'ono kuuma, munthu aliyense analoledwa malita 50 okha patsiku, ndipo akuluakulu a mzindawo ankalengeza pafupipafupi kuchuluka kwa madzi otsala, zimene zinathandiza kuti mipopi isatsekedwe mvula isanabwere.

Kukolola madzi apadenga kumamveka msanga mukakufotokoza ndi masamu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 50 litha kusonkhanitsa pafupifupi malita 1,000 pa mvula ya mamilimita 20. Madzi oyamba atayidwe chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo thanki ikhale yovindikira kuti udzudzu usaswanemo.

Nkhani yovuta ndi ya zimbudzi. Chimbudzi chokumba chiyenera kutalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, komanso chikhale kumunsi kwake, koma pamalo opanikizana mtunda umenewu umafika m'mapuloti a anthu ena. Apa mlangizi asonkhanitse eni nyumba oyandikana ajambule mapu a zitsime ndi zimbudzi zonse, kenako agwirizane chitsime chimene madzi ake azingochapira ndi kuthirira.