Momwe mungapezere manda a agogo omwe anapita ku Keyala osabwerako

M'mabanja ambiri muno m'Malawi muli dzina la munthu yemwe analowa usilikali wa King's African Rifles, womwe makolo ankautchula kuti Keyala, ndipo kumudzi kunangofika uthenga wa maliro popanda mtembo. Manda a ena mwa iwo alipo, amasamalidwa mpaka lero, ndipo mutha kuwapeza pa foni yanu.

Yambirani m'nyumba, musanagule bandulo. Chofunika kuposa zonse ndi nambala ya usilikali, chifukwa dzina limasocheretsa koma nambala inali ya munthu mmodzi. Funsani akuluakulu ngati m'sutikesi muli mendulo, chithunzi kapena kalata yochokera kwa DC. Mendulo za nkhondo yoyamba, ija ya 1914 mpaka 1918, zili ndi nambala, dzina ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake, tizilembo ting'onoting'ono tomwe nthawi zambiri timakwiririka ndi litsiro. Pukutani ndi kansalu konyowa. Musakweche ndi mchenga kapena phulusa ngati poto, mufufuta umboni wokhawo womwe muli nawo. Za nkhondo yachiwiri zinkaperekedwa zopanda dzina, choncho sizikuthandizani kwenikweni. Lembaninso dzina la bambo wake wa msilikaliyo, mudzi, mfumu ndi boma lomwe ankachokera.

Kenako tsegulani tsamba la Commonwealth War Graves Commission, cwgc.org. Kufufuza n'kwaulere. Bungweli, lomwe limasamalira manda a kunkhondo, limasunga mayina a asilikali omwe anamwalira pakati pa 4 August 1914 ndi 31 August 1921, komanso pakati pa 3 September 1939 ndi 31 December 1947. Ngati muli ndi nambala, ilembeni pa "Service Number" n'kusiya mabokosi ena opanda kanthu. Nambala zambiri za asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri zimayamba ndi DN.

Ngati nambala mulibe, apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi, ndipo vuto ndi kalembedwe. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba dzina momwe alimvera. L ndi R amasinthana, W ndi B chimodzimodzi, ndipo H amatha kusowa: Phiri n'kukhala Piri, Mwale n'kukhala Mwali. Asilikali ambiri analembedwa ndi dzina limodzi lokha, ena dzina lawo lotsatidwa ndi la bambo awo, osati la mfunda. Choncho lembani dzina loyamba m'bokosi la "Last Name", yesani kalembedwe katatu kapena kanayi, ndipo sankhani King's African Rifles pa gulu. Kumbukiraninso kuti anyamata ena ankalembetsa ndi dzina lachilendo pothawa msonkho kapena makolo. Funsani nkhalamba za kumudzi kuti kunkhondoko ankamutchula ndani.

Dzina likatuluka, musafulumire kulira. A Saidi ndi a Juma anali ambiri. Onani pa "Additional Info", pomwe nthawi zina pamalembedwa dzina la kholo kapena mkazi ndi dera lakwawo. Pansi pa tsambalo pamakhala zithunzi za mapepala akale olembetsera manda. Koperani onse, pamodzi ndi nambala ya chigawo, mzere ndi manda.

Malo omwe atuluke akuuzani nkhondo yomwe anamenya. Karonga ndi komwe kunachitika nkhondo ndi Ajeremani pa 9 September 1914. Tanzania ndi Mozambique nthawi zambiri ndi nkhondo yoyamba yomweyo. Kenya, Ethiopia ndi Madagascar kawirikawiri ndi yachiwiri. Omwe anafera ku Burma mu 1944 ambiri ali ku Taukkyan, pafupi ndi Yangon, komwe kulinso chipilala cha Rangoon chokhala ndi mayina pafupifupi 27,000 a asilikali opanda manda odziwika. Mukaona mawu oti "Memorial", dziwani kuti pali dzina pakhoma, mtembo palibe.

Dzina likasowa, sizitanthauza kuti banja linkanama. Mu 2021 bungwe lomweli linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, omwe anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina. Opwetekeka kwambiri ndi atengatenga, omwe ankasenza katundu pamutu n'kumafa ndi kamwazi, malungo ndi njala m'njira. N'zopweteka kuti anthu omwe ananyamula nkhondo yonse ndi omwe alibe mwala. Zikatero pitani ku Zomba, mukawerenge mayina pa chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, kenako mukafunse ku National Archives of Malawi za mafayilo a boma la kwanu. Yemwe ali ndi m'bale ku Britain amutume ku National Archives ya ku Kew: mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu ali m'mafayilo otchedwa WO 95 pa nkhondo yoyamba, ndi WO 172 pa ya ku Burma. Satchula msilikali wamba pafupipafupi, koma amasonyeza komwe gulu lake linali tsiku lomwe anamwalira.

Msilikali yemwe anabwerako n'kudzamwalira kumudzi chitadutsa chaka cha 1947 simumupeza pa tsambali. Ameneyo mufunse kwa a mfumu, kwa adzukulu achikulire odziwa mizere ya kumanda, ndi m'kaundula wa maliro wa mpingo kapena mzikiti wake. Kumanda musalowe nokha. Pemphani kaye chilolezo kwa a mfumu, ndipo mutenge m'bale wamkulu woti akaloze mtumbira weniweniwo.